Masekondi Anayi a Kadontho

Lolemba, 5 Meyi

Kadontho wasiya kundiyankhula. Lero tsiku lachitatu. M'mawa ndinati mwadzuka bwanji mayi, iye kungonyamula chikwama n'kutuluka, chitseko n'kutseka bwinobwino. Bola akanachimenyetsa, ndikanadziwa poyambira.

Nkhani yake ndi masekondi anayi. Ndilembe mwina ndiona pamene palakwika, chifukwa m'mutu mokha zikungozungulira. Sewero lathu loseketsa la Lamulungu likatha, maina a ochita sewero akakwera n'kutha, pamabwera kachizindikiro ka kampani. Kamtsikana kojambula pamanja, chimutu ngati dzungu, kamakwera pampando, kukoka chingwe cha babu, n'kunena kuti, "Basi, zatha, kazipitani kwanu." Mdima, kenako dzina la kampani. Ndinajambula ndine, zithunzi makumi asanu, chimodzichimodzi papepala. Mawuwo ndi a mwana wanga Kadontho ali ndi zaka zinayi. Pano ali ndi khumi ndi zisanu.

Kusukulu kwawo palibe amene ankadziwa. Ndiye sabata yatha abwana anati tiike kanthu pa tsamba la kampani kusangalalira zaka khumi ndi chimodzi, ine ndi changu changa n'kupereka chithunzi cha Kadontho atavala yunifolomu. Pansi pake analemba kuti kamtsikana ka babu kakula. Sindinamufunse. Sindinaganize n'komwe kuti pali chofunsa.

Lachisanu anaima kutsogolo kwa sukulu yonse kuwerenga nkhani yake imene inapambana mpikisano. Anaikonzekera milungu itatu, ndinkamumva akuyeserera kubafa. Atangomaliza, holo yonse pamodzi, ndi timawu taukhanda: basi, zatha, kazipitani kwanu. Amake akuti ngakhale aphunzitsi ena anabisa nkhope m'mabuku ndi phwete.

Madzulo ake anangondiuza mawu awiri atatu. "Mundichotsemo. Mukandichotsa tidzayankhulana."

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndinalowa kwa a Chipewa. (Abwana. Chipewacho savula ngakhale pamaliro.) Ndinafotokoza zonse ndili chiimire. Anaseka mpaka kutsokomola.

Akuti, "Achimwene, anthu amadikira kamwana kameneka kuposa sewero lenilenilo. Ndi nkhope ya kampani. Munthu amachotsa nkhope yake chifukwa ana asukulu aseka?"

Ndinati mwanayo sakundiyankhula. Akuti mwana wawo sanawayankhule chaka chonse chifukwa cha nsapato, ndipo m'nyumba munali mtendere. Nditafika pachitseko nthabwala zinali zitatha. "Amene akhudze masekondi amenewo atengeretu chikwama chake. Tamvana?"

Tamvana, bwana.

Ndinabwerera pa tebulo langa, kukhala, kudzuka, kukathira tiyi, kumuiwala pawindo. Makutu, mnzanga wa zamawu, anandifunsa ngati mpando wanga uli ndi nsikidzi.

Lachitatu, 7 Meyi

Mbale amandipatsa kudzera mwa amake. "Amama, muwauze kuti mchere uli apo." Ine ndili pomwepo, mkono umodzi kuchokera pa mcherewo.

Lachinayi, 8 Meyi

Kunena zoona, nanenso zikundipweteka, ndipo ndilemba muno poti palibe aone. Zaka zonsezi ntchito yanga ndi kudula ndi kulumikiza za anthu ena. Nthabwala ndi za wolemba, nkhope ndi za ochita sewero, ngakhale kuseka kumene kumamveka kumbuyo n'kogula, kuli mu fayilo. Changachanga pa TV ndi masekondi anayi amenewo basi. Siteshoni ikawadula kuti iike malonda a sopo, Lolemba m'mawa ndimakhala ndaimba kale foni kukalipa. Amandidziwa kumeneko, amanditcha bambo a babu.

Madzulo mu minibasi, titafika pomaliza, kondakitala anamenya denga n'kuti basi, zatha, kazipitani kwanu. Anthu kuseka. Masiku onse ndikamva zimenezi mtima umachita kudumpha, ndimafuna kumugwira phewa kuti aise, ukudziwa amene anapanga? Lero ndinatsika msanga ngati ndaba kanthu.

Ndinayenda wapansi njira yotalika. Ndinadutsa pakhomo pathu, n'kuzunguliranso kamodzi.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndapereka sewero la Lamulungu ku siteshoni. Kachizindikiro kali momwemo. Ndinadziuza kuti mwina aiwaladi.

Lamulungu, 11 Meyi

Sanaiwale. Koma si zimenezo.

Tinali pabalaza, hafu pasiti sikisi monga mwa nthawi zonse. Kadontho anali pa mpando wa pakona akuoneka ngati akuwerenga. Nthabwala yomaliza itangogwa, nyimbo n'kuyamba, anadzuka kupita kubafa n'kutsegula mpopi. Madzi waaa, mpaka malonda atayamba, kenako mpopi zii.

Ndinati kwa amake, taonani mwana wanu wayamba zionetsero. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyang'ana kuja amayang'ana kuntchito kwawo kuchipatala wodwala amene akunama kuti mankhwala anamaliza.

"Wayamba? Bambo a Kadontho, mpopi umenewo amautsegula kuyambira ali sitandade wani."

Ndinati bodza. Akuti Lamulungu lililonse. Akuti inu mumakhala maso ali pa TV kuwerenga masekondi anu ngati sanadulidwe, mungaone bwanji amene watuluka kumbuyo kwanu.

Zaka naini mpopi ukulira m'nyumba mwanga. Ine wa makutu akuthwa, amene ndimamva munthu akameza malovu pafupi ndi maikolofoni.

Lolemba, 12 Meyi

Ndinayesa njira zachidule. Ine ndi Makutu tinakweza mawuwo pang'ono kuti asamveke ngati ake. Anatuluka ngati bakha. Tinatsitsa, anatuluka ngati kamdala koledzera. Makutu anayesa kunena yekha atatsina mphuno, tinaseka mpaka misozi, kenako ndinasiya kuseka mwadzidzidzi iye n'kupitiriza yekha kanthawi.

Akuti, "Vuto lake kamwana kaja kali ndi kakunjenjemera kenakake pa 'kwanu'. Ndi kamene anthu amakonda. Sikapangika kawiri."

Ndikudziwa. Ndimanyadira kakunjenjemera kameneko. Ndakhala ndikuuza anthu kuti tsiku limenelo tinkangosewera pabalaza, mwana n'kungolankhula yekha, ine mwamwayi makina ali oyatsa.

Ndinawauza amake zimenezi madzulo akusita yunifolomu yawo ya kuchipatala. Sanatukule mutu. "Kodi munayamba mwamveranso zonse zimene munajambula tsiku limenelo? Osati kachidutswa kanuko. Zonse."

Ndinati zakalekale zimenezo, kaya zili kuti.

"Zifuneni."

Lachiwiri, 13 Meyi

Makatoni asanu ndi limodzi pamwamba pa wadirobu. Mawaya amene sindikudziwa ntchito yake, machaja a mafoni amene anafa kalekale, satifiketi yanga imene ndinaifuna chaka chatha mpaka kukalumbira kuti inabedwa. Diski yakale ayi.

Ndikutsitsa katoni yomaliza, Kadontho anadutsa pakhomo la chipinda, n'kuima pang'ono. Fumbi lili m'mutu mwanga monse. Ndinaona ngati afuna kuseka. Anapitirira.

Ndachedwa kuntchito, a Chipewa anayang'ana wotchi mokweza dzanja kuti ndione.

Lachitatu, 14 Meyi

Ndaipeza. Inali ku ofesi konkuno, mu dirowa yanga ya pansi, kuseri kwa bokosi la tiyi. Ndamvera ndili ndekha, poti lero ndi holide, mu ofesi mulibe munthu.

Mphindi naintini. Sitinkasewera ayi.

Poyamba akuseka, akufunsa ngati maikolofoni imaluma. Akunena mawu aja koyamba, bwinobwino, momveka. Kenako mawu a munthu wina, wachinyamata, wothamanga, amene ndinachedwa kuvomera kuti ndi ine. "Ayi, bwereza." Akubwereza. "Usaseke. Bwereza." "Wathamanga." "Usagwire waya." "Yang'ana kuno, bwereza."

Ndinayamba kuwerenga ndi pensulo pa chikuto cha kope. Kakhumi akufunsa ngati atha kupita panja, anzake akumuitana, akumveka chapatali. Kakhumi n'kasanu amake ali kukhitchini, "Musiyeni kaye adye." Ine, "Kamodzi kokha." Kamodzi kokhako ndinakanena kasanu ndi kawiri.

Pobwereza ka 23 akuyamba kulira. Osati kukuwa, kulira kuja mwana amalira akuyesetsa kuti asalire. Ine, mawu okoma ngati munthu wabwino, "Ukanena bwino upita kukasewera. Ukapanda kunena bwino tikhala pompano."

24, 25, 26 mawu sakutuluka. 27 akukoka mpweya, n'kunena zonse mpaka kumapeto, pa "kwanu" mawu n'kuthyoka. Ndipo ine ndikuwomba m'manja. "Eya. Imeneyo."

Pa kompyuta mawu amaoneka ngati timapiri. Ndinatsegula fayilo yakale imene ndinadulira, zizindikiro zanga zikadali pomwepo. Mzere umodzi ndinauika patangotha kusisima koyamba, wina kusisima kwachiwiri kusanayambe. Ndinadula mwaukhondo kwambiri. Ndiye kuti ndinakumva kulirako, ndinakuyang'ana ndi maso, n'kukuchotsa, kenako n'kuiwala. Fayiloyo ndinaitcha yabwino27.

Kumapeto kumamveka mpando ukukhwekhwereza, timapazi pa simenti, chitseko. Kenako mphindi ziwiri za ine ndekha ndikuimba kamluzu.

Ndinavula mahedifoni. Ndinapita kuchimbudzi, kusamba kumaso, kubwerera, kupitanso. Ndili ndi manyazi amene sindinakhalepo nawo chibadwire.

Lachinayi, 15 Meyi

M'mawa asanapite kusukulu ndinaima pa chitseko chake. Mkati kawailesi kake kakuimba. Ndinati, "Kadontho, ndamvera zonse. Kanali ka 27. Unkafuna kupita panja." Ndinakonza mawu ambiri m'bafa koma anathera pomwepo. Ndinangowonjezera kuti pepa mwanawe.

Wailesi yokha inazima. Ndinadikira, kenako ndinaona kuti kudikirako kukufanana ndi kumuuza kuti bwereza, ndinachoka.

Ku ofesi ndatulutsa mapepala ndi pensulo, koyamba patapita zaka kaya zingati. Anati mundichotsemo, sanati mawu okha. Chimutu chija ndi chakenso. Ndajambula mpando wopanda munthu, chingwe chikugwedezeka chokha, babu n'kuzima. Dzanja lauma, mizere ikupita kumene ikufuna. Nthawi iliyonse a Chipewa akadutsa ndimaphimba ndi ndandanda ya sewero ngati mwana wobera mayeso.

Chimene chingandipulumutse mpaka Lamulungu n'chakuti abwana saonera sewero mpaka kumapeto. Nthabwala yomaliza ikadutsa amati zili bwino, tumizani, n'kudzuka. Zaka khumi ndi chimodzi sanaonepo maina akukwera mu ofesi muno. Kunyumba kwawo ndiye amaonera, ndi banja lonse.

Makutu waona. Akuti, "Ine maso anga ndi ofooka, achimwene, n'chifukwa chake ndinasankha zamawu."

Lachisanu, 16 Meyi

Tsiku lothamanga. Sewero limayenera kufika ku siteshoni isanakwane folo koloko. Ndinatumiza thuu, kachizindikiro katsopano kali kumapeto, kopanda mawu alionse. Hafu pasiti thuu foni. Mayi amene amalandira mapulogalamu.

"Bambo a babu, fayilo yanu makina aikana. Kumapeto kuli zii masekondi anayi."

Ndinati ndi dala. Akuti makina sadziwa dala. Pakakhala chete kupitirira masekondi atatu amati mawu aduka, nyale yofiira imayaka, ndipo iwo sangaulutse. "Ikanimo kanthu, kaya n'kutsokomola. Koma kamwana kaja kapita kuti?" Ndinati kakula.

Ndiye apa ndi pamene ndikufuna kulemba bwino. Ndinatsegula diski ija chifukwa inali pafupi, ndipo dzanja linapita lokha kumapeto. Mpando kukhwekhwereza, timapazi, chitseko. Ndinayeza, masekondi atatu ndi theka. Ndinaika pansi pa chithunzi cha mpando wopanda munthu n'kusewera. Zinakwanirana ngati ndinajambulira zomwezo. Chinthu chabwino kuposa chilichonse chimene ndapangapo pa moyo wanga.

Makutu anali kumbuyo kwanga. "Imeneyo," anatero. "Musakhudzenso. Imeneyo."

Mawu omwe aja. Ndinakhala ndikuyang'ana timapiri tating'ono ta mapazi a mwana wanga akuthawa m'chipinda. Ndinali nditadula kale, mwaukhondo, osafunsa munthu.

Ndinafufuta. Makutu anagwira mutu. Akuti mwapenga, yabwino chonchija. Ndinati ndikudziwa kuti ndi yabwino, tenga maikolofoni.

Tinajambula fani ya mu ofesi ikuzungulira ndi chala changa chikuzimitsa swichi ya pakhoma. Kamodzi. Makutu anati swichiyo yamveka yonyowa, tibwereze, ine ndinati ayi. Fayilo inalowa kutatsala mphindi sikisi, nyale yobiriwira.

Potuluka ndinatenga kapu yanga ndi mahedifoni anga kuika m'chikwama. Ndi anga, ndinagula ndekha. Kungokonzekera.

Loweruka, 17 Meyi

Ndawauza amake. Anafunsa kuti akakuchotsani ntchito titani. Ndinati sindikudziwa. Kenako akuti chabwino, koma mwanayo musamuuze, mwalankhula zokwanira, aone yekha.

Ndakonza chogwirira cha chitseko cha kukhitchini, ndathira mafuta njinga imene palibe amaikwera, ndasesa panja posesedwa kale. Nthawi ikadali leveni koloko.

Lamulungu, 18 Meyi

Sewero lonse sindinamvepo nthabwala ngakhale imodzi, chonsecho ndinalidula ndekha. Ndinakhala pa sofa, foni pa tebulo. Kwa nthawi yoyamba sindinkayang'ana TV. Ndinkayang'ana galasi la kabati, mmene mumaoneka mpando wa pakona.

Nyimbo itayamba Kadontho anatseka buku n'kudzuka. Amake, osachotsa maso pa zoluka zawo, anati, "Tandipatsira sizasi ili pa TV-po usanapite." Anapita kukatenga, maina akukwera, akufulumira kuti athawe. Sizasiyo inali itakodwa mu ulusi. Ndikukhulupirira anaikola dala amake.

Maina anatha ali pomwepo, mphuno pafupi ndi galasi la TV. Ndinaona mapewa ake akukwera kudikira.

Mpando. Chingwe. Fani. Thapu, mdima.

Malonda a sopo anayamba. Iye ali chiimire, sizasi m'manja, nsana kwa ine. Foni inayamba kunjenjemera pa tebulo, dzina la a Chipewa likuwala. Inalira mpaka kuleka, n'kuyambanso.

Kadontho anatembenuka. Maso ofiira, koma nkhope youma ngati ya amake.

"Adadi, mpando umene uja miyendo yake ndi itatu?"

Ndinati inayi, winawo wabisika kumbuyo. Akuti ayi, ndi itatu, munthu angagwe. Ndinati dzanja linauma. Foni ikulirabe.

"Simuyankha?"

"Ndiyankha mawa."

Anaiyang'ana foniyo, n'kuitembenuza chafufumimba. Kenako anaima patsogolo panga ndi buku lake.

"Tasunthirani uko."

Ndasunthira.